Mtengowo musautaye, masamba angopsa basi

Mayi, mwafunsa ngati mutaye mtengo wanu wa mumphika womwe masamba ake auma kapena muuthire feteleza, komanso za mtengo wokongola chaka chonse. Musautaye, ndipo feteleza mukunenayo musathire ngakhale pang'ono. Masamba a Acer palmatum, mtengo wokongoletsa pakhomo wochokera ku Japan, akauma m'mphepete n'kupiringizika chonchi mu Julaye, nyengo yotentha ku UK, ndiye kuti apsa ndi mphepo komanso dzuwa la masana. Si njala ayi.

Amene amandikwiyitsa ndi ogulitsawa. Timitengoti timakulira m'mashedi a pulasitiki mopanda mphepo, kenako mu Meyi amatindandalika pakhomo pa shopu masamba ali psuu, osanena n'komwe kuti sitipirira. Munthu watulutsa £30, wakauika pakhonde loyang'ana kummwera, komwe ku UK kumawomba dzuwa kwambiri, pasimenti yotentha. Tsiku limodzi lokha la mphepo, m'mawa nsonga zasanduka zabulauni, pofika madzulo ukagwira tsamba likungofumbutuka m'manja ngati fodya wouma, kumwambaku kwatsala timitengo tokhatokha. Ukabwerera kukadandaula akuti simunathirire. Ndiye munthu amayamba kukhuthulira madzi m'mawa ndi madzulo, mizu n'kuwola, apa tsopano wauphadi.

Kandani khungwa ndi chikhadabo. Ngati mkati muli mobiriwira, uli moyo, udzaphukanso. Usunthireni kuseri kwa mpanda komwe kumafika dzuwa la m'mawa lokha. Musanathirire pisani chala m'dothi masentimita 5. Likakhala louma thirani mpaka madzi atulukire pansi, likakhala lonyowa usiyeni. Madzi amvula ndiye abwino, apampopi a ku London ali ndi laimu wambiri.

Kusintha mphika dikirani Sepitembala kapena Epulo, ndipo watsopanoyo akule ndi masentimita 5 okha, chifukwa dothi lochuluka limasunga madzi omwe mizu singamalize. Sakanizani dothi logula la m'miphika lotchedwa John Innes No. 2 magawo atatu ndi timiyala ta grit gawo limodzi. Chotupa chili m'munsi mwa thunthu, pomwe anamezanitsa, musachikwirire, ndipo mphukira zotuluka pansi pake muzizithothola, ndi za mtengo wina. Potulutsa mizuyo yang'anitsitsani: mukaona mphutsi zoyera zopindika, mitu yabulauni, ndi za kachilombo kotchedwa vine weevil, zimadya mizu nyengo yonse yozizira. Gulani ma nematodes, tinyongolotsi ting'onoting'ono topha mphutsizo, muthire Sepitembala yemweyo dothi likadali lofunda.

Nthawi yachisanu kulungani mphikawo ndi bubble wrap, pulasitiki wa timatumba ta mpweya uja, muukhazike panjerwa kuti madzi azitsika. Kudulira ndi pakati pa Novembala ndi Januwale basi, mukachedwa umangokha madzi pabala.

Za kukongola chaka chonse zija, mtengo umodzi sungakwanitse, mtundu uliwonse wa Acer palmatum uli ndi nthawi yake. Katsura amaphuka ndi masamba achikasu chopita ku olenji mu Epulo. Bloodgood amakhala wofiira moderapo chilimwe chonse ndipo dzuwa amalipirirako. Osakazuki ndi wa Okutobala, amafiira ngati makala amoto. Sango-kaku ndiye wa Januwale, masamba atayoyoka nthambi zanthete zili gee kufiira. Amasamba ong'ambikang'ambika aja, monga Garnet, ndi omwe amapsa msanga, poyambira asiyeni kaye. Amene muli ndi galimoto pitani ku Westonbirt, munda waukulu wa mitengo wa ku Gloucestershire, mu Okutobala mukaione ikuluikulu musanawononge ndalama.

Ya m'masupamaketi ija musamagule. Komatu mu Ogasiti akaitsitsa mtengo chifukwa yapsa, ikani chikhadabo pakhungwa osakuonani, ikakhala yobiriwira nyamulani iwiri.