Bala lapola, koma bambo akuiwalaiwala

Mayi wina wa ku Ulongwe watilembera pa imelo. Amuna awo anagwa pa njinga yamoto asanavale chipewa choteteza mutu. Anadzuka n'kulankhula bwinobwino, koma patapita maola angapo anakomoka, ndipo madokotala anawachita opaleshoni yochotsa magazi m'mutu. Papita miyezi iwiri. Bala lapola, koma bambowo amafunsa chinthu chimodzi kasanu, sachedwa kupsa mtima, ndipo za kumunda wa mbatatesi alibe nazonso chidwi. Funso la mayiwo n'lakuti: opaleshoni inalakwika, kapena ndi misala?

Mayi, pepani ndi matendawa. Malinga ndi zimene mwafotokoza, ife tikuona kuti bambo anavulala pawiri, ndipo mpeni wa dokotala umafika pamodzi pokha.

Cham'mbali mwa mutu, kutsogolo kwa khutu, fupa ndi lopyapyala ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Ukang'ambika, magazi amadzadza pang'onopang'ono pakati pa chigaza ndi chikopa chokuta ubongo. Chigaza sichifutukuka, choncho magaziwo amafinya ubongo. N'chifukwa chake munthu amayamba walankhula kenako n'kukomoka. Dokotala amatsegula fupa, kuchotsa magazi oundanawo ndi kutseka mtsempha. Moyo wapulumuka.

Kuvulala kwachiwiri ndiye kumene mukulimbana nako. Ubongo ndi wofewa ndipo umayandama m'timadzi. Mutu ukagunda pansi, ubongo umakhudzuka pa mafupa okakala a kunsi kwa chigaza, makamaka kuseri kwa chipumi ndi cham'makutu. Kuseri kwa chipumi n'kumene kumathandiza munthu kuugwira mtima, kulinganiza zochita ndi kuyamba ntchito popanda womuuza. Cham'makutu n'kumene kumasunga zinthu zatsopano. Ndiye musadabwe bambo akamakumbukira malire a munda wa agogo awo koma n'kuiwala kuti adya kale nsima. Timitsempha ting'onoting'ono tonyamula mauthenga timakokekanso, ndipo chithunzi cha TAC, makina a kuchipatala ojambula m'kati mwa mutu, nthawi zambiri sichionetsa zimenezi. Si ulesi, si mwano, ndipo achibale amene akuti alodzedwa muwafotokozere zimenezi.

Pa mapepala a kuchipatala funani nambala ya Glasgow. Muyeso umenewu anaukonza Graham Teasdale ndi Bryan Jennett mu 1974. Umaona kutsegula maso, kulankhula ndi kusuntha thupi, kuyambira 3 mpaka 15, ndipo 8 kutsika m'munsi ndiye kuti kuvulala kunali kwakukulu. Ofufuza za ubongo amawerenganso masiku amene wodwala anakhala wosokonezeka, osasunga za tsikulo. Akapitirira sabata, kuchira kumatenga nthawi. Kusintha kwambiri kumaoneka m'miyezi 6 yoyamba, kenako kumapitirira pang'onopang'ono kwa chaka kapena ziwiri. Tisakunamizeni: ena sabwereratu mmene analili.

Kunyumba muziwauza chinthu chimodzi, achite, kenako china. Kope limodzi likhale pamalo amodzi, lolembamo za tsikulo ndi nthawi ya mankhwala. Alendo odzazonda azibwera ochepa, chifukwa phokoso limatopetsa ubongo wovulala, ndipo ukali wambiri umayamba ndi kutopa. Akapsa mtima musatsutsane nawo, zimitsani wailesi, akapume. Kumunda ayambe ndi theka la ola m'mawa. Mowa ayi, ngakhale pang'ono, chifukwa umaitana kukomoka kwa khunyu. Njinga yamoto asakwere mpaka dokotala atalola.

Mutu ukamapweteka mowonjezereka, akamasanza, akamangogona osadzutsika bwino, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, kapena madzi oyera akamatuluka m'mphuno kapena m'khutu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Akagwa n'kumaphupha, agonekeni cham'mbali, musaike kanthu m'kamwa, ndipo yang'anani nthawi. Zikafika mphindi 5 osasiya, pezani galimoto msanga.