Funsani za Kiriketi: Mtsikana Amene Akuyamba Kuponya Mpira

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 14 amaponya mpira wothamanga m'timu ya kusukulu, ndi dzanja lamanja. Masiku ano akudandaula msana, cham'munsi kumanzere, makamaka akachokera kokonzekera masewero. Ena akuti n'kukula chabe. Kodi ndimuletse? (Mayi wa ku Blantyre)

YANKHO: Mayi, kiriketi musamuletse, koma ayambe waleka kuponya mpaka adokotala amuone. Ululu wa mbali imodzi, yosiyana ndi dzanja loponyera, umene umakula mwana akapindira msana chakumbuyo, nthawi zambiri umasonyeza kuti kafupa ka msana katopa kapena kayamba kung'aluka. X-ray wamba akhoza kuphonya mng'aluwo ukadali waung'ono, n'chifukwa chake madokotala amakonda MRI (makina ojambula m'kati mwa thupi mwatsatanetsatane). Ukatsimikizika, kupuma kwake ndi miyezi, osati masabata.

Zoyambitsa zazikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi kaponyedwe. Phazi lakumbuyo likamatera pansi, chiuno ndi mapewa ziyenera kuloza kumodzi: zonse cham'mbali, kapena zonse kwa womenya. Chiuno chikaloza kwina mapewa kwina, msana umapotoka pa mpira uliwonse, thupi lonse likugwera pa mwendo umodzi. Mujambuleni pafoni mutaima kumbuyo kwake, ndipo kanemayo muonere pang'onopang'ono limodzi ndi mphunzitsi wake. Muonenso ngati mutu ukugwera kwambiri kumanzere pamene akutulutsa mpira.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa ntchito. Malangizo omwe bungwe loyendetsa kiriketi ku England (ECB) linkatsata kwa zaka zambiri ankati wa zaka 13 kutsika pansi asapitirire maova 5 motsatizana (ova imodzi ndi mipira 6) ndi 10 pa tsiku, wa zaka 14 ndi 15 maova 6 ndi 12, ndipo wa zaka 16 mpaka 19 maova 7 ndi 18. Pa masiku 7 aponye masiku osaposa 4, ndipo asaponye masiku atatu otsatizana. Pamene aphunzitsi ambiri amalakwitsa ndi apa: amawerenga maova a m'masewero okha, pomwe mwana waponya mipira yambirimbiri mu neti popanda wowerenga. Msana sudziwa kusiyanitsa.

Funsaninso za mpira womwe akugwiritsa ntchito. Wa amayi umalemera magalamu 140 mpaka 151, wa abambo 156 mpaka 163. Sukulu zina zimangogula wa abambo n'kupatsa aliyense.

FUNSO: Ndili ndi zaka 16 ndipo ndimafuna kuponya mwaliwiro ngati Shabnim Ismail. Vuto n'loti ndikathamanga kwambiri ndimaponya ma no-ball ndi ma wide. Nditani? (Wophunzira wa Fomu 3, Lilongwe)

YANKHO: Chemwali, taonani kaye zaka. Ismail anayamba kusewerera South Africa mu 2007 ali ndi zaka 18, koma mpira wake wa makilomita 132.1 pa ola anauponya mu 2024 ku India, ali ndi zaka 35. Ndi wamfupi ndithu, choncho liwirolo silinachokere mu msinkhu. Linakula pang'onopang'ono pa kaponyedwe kokhazikika.

No-ball imayambira pothamangira. Lamulo limafuna kuti gawo lina la phazi lakutsogolo litere kumbuyo kwa mzere woponyera, ndipo mu T20 (masewero a maova 20 timu iliyonse) mukaphonya, timu inayo ipeza run imodzi yaulere ndi free hit pamwamba (mpira wotsatira umene womenya amamenya osaopa kutulutsidwa m'njira zambiri). Kukonza kwake n'kotere: imani pamzere, muthamange chobwerera kumene mumayambira, muponye ngati m'masewero, mnzanu aike chizindikiro pomwe phazi latera. Bwerezani mpaka zizindikiro zigwere pamodzi, kenako muyeze ndi tepi n'kulemba mamitawo. Osayeza ndi mapazi, chifukwa mukatopa masitepe amafupika. Yambani pang'onopang'ono, liwiro lifike pachimake pa masitepe omaliza. Wothamanga ndi mphamvu zonse kuchokera poyambira amafika pamzere atasokonezeka kale.

Ma wide (mipira yodutsa kutali ndi womenya) ambiri amabwera chifukwa mkono wosaponyera wagwa msanga n'kukokera thupi kumbali. Ukwezeni, uloze kwa womenya, kenako muukokere pansi moyandikana ndi nthiti. Yalani kansalu pa mamita 6 mpaka 8 kuchokera pa mitengo ya womenya, molunjika mtengo wa off (wa mbali yomwe womenya wayang'ana akaima), ndipo pa mipira 24 muziwerenga yomwe yagunda. Imeneyo ndiyo maova 4 omwe mumaloledwa mu T20. Osankha osewera amayang'ana zimenezi kuposa liwiro. Henriette Ishimwe wa ku Rwanda si wothamangitsa mpira modabwitsa, koma mu Januwale 2023 anagwetsa mawiketi 4 (anatulutsa omenya anayi) pa mipira 4 yotsatizana posewera ndi Zimbabwe pa chikho cha dziko lonse cha atsikana osapitirira zaka 19.

FUNSO: Woimbira wina wati mwana wanga "amagenda". Akutanthauzanji? (Bambo wa ku Mzuzu)

YANKHO: Bambo, akunena chigongono. Mkono ukafika pa msinkhu wa phewa suyenera kuwongoka kupitirira madigiri 15 mpira usanatuluke. Chikonzeni pano, chisanazolowereke: aziponya ataima pamodzi, mtunda waufupi, mkono ukudutsa pafupi ndi khutu, ndipo kuthamanga abwezeretse pokhapokha mkonowo ukasiya kupindika.