Ma LEGO anga akusanduka chikasu, nditani?

Funso: Akulu, ndili ndi zaka 34 ndipo ndikaweruka ndimakonda kumanga ma LEGO, tizidutswa tapulasitiki tolumikiza n'kupanga zinthu zosiyanasiyana. Ndinawaika pa shelefu pafupi ndi windo koma oyera aja ayamba chikasu, fumbinso ndiye losanena. Anzanga akuti ndi zachibwana.

Yankho: Achimwene, achotseni pawindopo lero lomwe, pulasitiki yake ya ABS imasintha mtundu ikamawombedwa ndi dzuwa makamaka yoyera ndi yotuwayo. Pezani kabati yamagalasi ngati ija amayi amasungiramo makapu a alendo. Fumbi la pakati pa timitu ta pamwamba pa tizidutswato lichotseni ndi kaburashi kofewa, mukafuna kutsuka madzi asapitirire madigiri 40 ndipo muyanike pamthunzi. Anzanuwo asakudetseni nkhawa, kampani yopanga LEGO ya ku Billund, Denmark ija imalemba 18+ pamabokosi ena kusonyeza kuti ndi za akuluakulu, LEGO yawo ya sitima ya Titanic yokha ili ndi tizidutswa 9,090.