Mwana asamadikire agogo ake kunjira

Mdzukulu wanga wina wa pa boma pa Kasungu wandilembera. Akuti mayi ake adagwa ali kumunda mwezi wa Febuluwale, kuchipatala adati ndi sitiroko, ndipo pano ali chigonere kunyumba, mbali imodzi idauma, mawu akutuluka movutikira, mphamvu zikunka zitha. Mwana wake wamwamuna wa zaka 7 ndiye ankadya mbale imodzi ndi agogowo. Akuluakulu a pabanjapo akuti mwana asalowe m'chipinda cha odwala, ndipo tsiku likadzafika adzangomuuza kuti agogo apita ku ulendo. Mdzukulu wangayo walemba nthano yoti azimuwerengera mwanayo: kamnyamata kakwera pamsana pa njovu, kakafika pamwamba pa phiri la Kasungu, kathyola tsamba lowala ngati mwezi, agogo ake amwa n'kudzuka. Akufunsa kuti, "Agogo, kodi ndikulakwa? Nanga mwambo wathu ukuti chiyani?"

Pepa mwana wanga. Kudwazika amene adakubereka kumathyola msana ndi mtima womwe, ndipo iwe mkati mwa zonsezo wakumbukira mwana. Wachita bwino.

Ndiyambe ndi zimene zidandionekera ine. Agogo anga aakazi adatisiya ndili wamng'ono, dziko lino lisadalandire ufulu wa mu 1964. M'bandakucha adatisonkhanitsa ana tonse n'kutiperekeza kwa azakhali kutsidya kwa dambo. Pobwerako ndidapeza anthu ameta mipala, chitseko cha agogo chili chotseka. Nditafunsa adandiyankha kuti apita ku ulendo. Masiku amenewo amuna ambiri a kwathu ankapita ku Joni ndi ku Halale, ndipo ankabwerako ndi masutukesi ndi mabulangete, choncho ine ndinkadziwa kuti wapaulendo amabwera. Madzulo aliwonse ndinkakakhala pachulu cha m'mbali mwa njira, nditafumbata mtedza wokazinga woti ndiwalonjere. Mvula idagwa, chimanga chidacha, ine ndikudikirabe. Amene adandiuza zoona anali mnzanga kuchitsime, tikulimbirana malo otungira: "Agogo ako ali kumanda!" Mtsuko udandipulumuka. Amayi anga ndidawasungira mkwiyo nthawi yaitali, ngakhale iwo ankangofuna kunditeteza.

Ndiye ukamamva akuluakulu akunena zimenezo usawaone ngati ouma mtima. Makolo ankaopa kuti mwana akaona mtembo azilota zoopsa, azidzidzimuka usiku. Mantha amenewo ali ndi pake. Koma makolo omwewo ndi amene ankatikhazika pamoto n'kutiuza za nadzikambe ndi buluzi. Chauta adatuma nadzikambe kuti akauze anthu kuti akafa adzadzukanso. Nadzikambe adayenda mwachinyanyanya chake chija, phazi limodzi m'mwamba, akuganiza kaye asadaponde. Buluzi adathamanga n'kukafika msanga ndi uthenga woti anthu akafa afa ndithu. Nthano imeneyi tinkaimva tili ana osavala, ndipo palibe amene ankatitseka makutu. Taganizanso za mawu akuti adzukulu. Anthu amene amakumba manda, kukonza maliro ndi kunyamula bokosi timawatchula dzina lomwelo limene timatchula ana a ana athu. Ine ndimaona kuti m'chinenero chathu chomwechi mdzukulu adapatsidwa kale malo pa ulendo womaliza wa agogo ake.

Tsopano za nthano yakoyo. Njovu isiye, ndi yabwino, ndipo mwana wa ku Kasungu amazidziwa njovu, kaya adaziona ku Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu, kaya adangomva zikudya chimanga cha anthu oyandikana ndi nkhalango. Phiri lisiyenso, azilipenya m'mawa popita kusukulu n'kumakumbukira. Chimene chandidetsa nkhawa ndi tsambalo. Mwana wa zaka 7 amaganiza kuti zinthu zimachitika chifukwa cha iye. Mwina pano akudzifunsa mumtima ngati agogo adagwa chifukwa tsiku lina adakana kutumidwa. Ukamuuza za mnyamata amene adachiritsa agogo ake, kenaka agogo ake enieni n'kutsikira kuli chete, adzati, "Ine ndiye ndalephera kukapeza tsamba lija." Katundu ameneyo ndi wolemera kuposa mutu wake.

Ndikadakhala ine ndikadaipinda chonchi. Mnyamata akafika pamwamba paphiri apeza kuti tsamba lotere kulibe. Alira. Njovu imusiya alire mpaka atope, kenaka imunyamula ndi chitamba n'kumuonetsa pansi: minda yonse imene agogo adalima, chitsime chimene ankatungako, mtengo wa mango umene adabzala mayi ake atabadwa. Pobwerera agogo amupatsa kachikho ka mbewu ya mtedza wa chalimbana, n'kumuphunzitsa kanyimbo koimba pobzala. Agogo amwalira. Anthu alira, iyenso alira. Mvula yoyamba itagwa abzala, ndipo mtedza umera. Zodabwitsa ikamo zambiri monga ufunira, njovu iyankhule, phiri litsegule khomo, nyenyezi zitsike kudzamwa madzi mu Bua. Chimodzi chokha usachite, kuwadzutsa agogo.

Palinso china chimene ana a m'tauni mumachiiwala. M'nthanomo agogo asauluke usiku, asakwere lichero, asasanduke kadzidzi kapena fisi. Mwana akaifotokoza kwa anzake, mawa udzamva kumpopi kuti nkhalamba ija imatamba, adanena ndi mdzukulu wake yemwe. Munthu wokalamba amene pakamwa papotoka, mawu osamveka, ndiye amene anthu amathamangira kumuloza chala. Lamulo la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe okalamba akumenyedwa ndi kuphedwa m'midzi muno chifukwa cha mphekesera zotere. Nkhani imeneyi imandiwawa kwambiri, poti nanenso imvi zili mbuu.

Za kulowa m'chipinda, sitiroko sipatsirana. Imabwera pamene mtsempha wa magazi wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika, kawirikawiri chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Chikadakhala chifuwa chachikulu chosayamba kumwera mankhwala ndikadanena zina. Muuze kaye zimene akaone: nkhope ya agogo yapendekeka mbali imodzi, dovu limatuluka, dzanja silikugwira, koma ndi agogo ake omwe aja. Asankhe yekha, usamukoke. Akalowa mupatse kantchito, kuwapaka mafuta padzanja, kuwaingitsira ntchentche, kuwakonzera chitenje kumapazi. Madzi ndi phala asawamwetse yekha, poti odwala sitiroko amatsamwa msanga. Ndipo yesani kuimba. Ena amene matendawa adawalanda mawu amatha kutsatira nyimbo imene adaizolowera kuyambira kale, ya kutchalitchi kapena ya pamtondo. Mwanayo anene "Padangotero", muone ngati agogo sayesa kuyankha "Tili tonse". Foni uli nayo, jambula mawuwo. Ine ndikadakhala ndi mawu a agogo anga ngakhale a mphindi imodzi, bwenzi ndikuwamvera mpaka lero. Ankanditchula mkazi mnzanga, ati ndikuwalanda agogo aamuna, ndipo kaseko kawo ndikukaiwala tsopano.

Akuluakuluwo usakangane nawo pagulu. Pita kwa atsibweni ako, mwinimbumba, nthawi ya madzulo ali okha. Khala pansi, uwauze kuti mwana sakugona, akungofunsa, ndipo ukupempha chilolezo choti aziwaona agogo ake uli pomwepo. Ambiri amene amakana pagulu amavomera kuseri, makamaka akaona kuti wawapatsa ulemu wawo. Ena a iwo adadikirapo pachulu ngati ine, sadauzepo munthu.

Tsiku likadzafika, umuuze ndi pakamwa pako asadamve mfuu ya maliro kapena kwa ana anzake. Mawu akhale ochepa ndi oongoka: agogo amwalira, thupi lawo lasiya kugwira ntchito, sakumvanso kuwawa, sadzabweranso kunyumba kuno, ndipo si chifukwa cha chilichonse chimene iwe udachita. Usanene kuti agona, adzayamba kuopa tulo. Za chikhulupiriro chanu umuuze pambuyo pake monga mumapempherera pakhomo panu. Ukafuna kulira lira ali pomwepo. Ngati abale akana kuti apite kumanda, usaumirire, koma apeze munthu mmodzi womuzolowera woti akhale naye tsiku lonselo, ndipo podzamanga chiliza adzapite akaone pamene agogo ake adagona... ayi, pamene adaikidwa. Waona, ngakhale ine lilime limathawira komweko.

Adzakufunsa funso lomwelo kambirimbiri, lero, mawa, mwezi wamawa pamene iwe ukuganiza kuti waiwala. Uzimuyankha chimodzimodzi. Tsiku lina adzalira, pakangopita kamphindi ali pabwalo kusewera mpira wachikulunga, usadabwe nazo, ana amalira modukizadukiza. Nthano ija adzaifuna usiku uliwonse. Ukamaliza uziti "Kaphuleni mbatata", iye aziti "Yapserera", ndipo nyali usamathamangire kuzimitsa. Mbewu ya mtedzayo katenge ndithu m'nkhokwe ya amayi ako panopa adakali moyo, amupatse ndi dzanja lawo limene likugwiralo.