Anakutumani kwa Amalawi, mtima wakagwera ku Alexandra

Sabata yatha ndalandira imelo ya mtsikana wina wa ku Dedza. Mpingo wake unamutuma kuno ku Joni kwa zaka ziwiri kudzaphunzitsa Sande sukulu ya ana a Amalawi. Mwachidule akuti: "Amayi, nthawi yanga ikutha mu Disembala koma mtima ukukana kubwerera. Amene andikoka mtima si Amalawi anzanga, koma amayi a Chizulu ndi Chisutu a ku Alexandra, dera lina la kuno ku Joni, omwe ndimapemphera nawo Lachinayi. Kodi ndawapandukira amene anandituma, kapena uku ndiye kuitana kwa Mulungu?"

Mwanangu, yambani mwapukuta misozi. Palibe amene mwamupandukira, ndipo si inu woyamba kugwidwa ndi matenda amenewa. Mu 1876 anyamata anayi a Chixhosa ananyamuka pa sukulu ya Lovedale, ku Eastern Cape, kukathandiza mishoni ya Livingstonia yomwe inali itangoyamba kumene ku Cape Maclear. Mmodzi mwa iwo anali William Koyi. Iyeyu ndiye anatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa, poti chinenero chake chinkamvana ndi chawo. Paja Angoniwo anachokera konkuno, nawoloka Zambezi mu 1835. Koyi anamwalira mu 1886 ndipo anaikidwa ku Njuyu, m'boma la Mzimba, pakati pa anthu amene sanali a mtundu wake. Ndiye ngati mwana wa kuno anagona m'dothi lathu chifukwa chokonda anthu a kwathu, chachilendo n'chiyani kuti mwana wa ku Dedza akonde a ku Alexandra?

Amayi mukunenawo ndikuwadziwa. Lachinayi masana amatuluka atatchena mabulauzi ofiira ndi zipewa zoyera, nyimbo ikayamba amamenya kapilo kachikopa m'manja mpaka nyumba yonse kunjenjemera. Amati manyano, ife kwathu timati chigwirizano kapena mvano. Munthu wokula ndi amayi a chigwirizano ukalowa mmenemo umangomva ngati wafika kwa amayi ako aang'ono. Sindikudabwa.

Koma ndikufunseni funso limene ine palibe anandifunsa. Mukukonda anthuwo, kapena mukukonda mpando umene amakupatsani? Mlendo wa mpingo amakhala kutsogolo, tiyi amayamba ndi iye, akalakwitsa Chizulu anthu amaseka mokondwa. Zimakoma. Koma mlendo ndi mame, ndipo zaka ziwiri mame amakhala asanakamuke bwinobwino.

Ine ndinafika kuno mu 2007, nanenso wotumidwa ndi mpingo, ndipo ndinkachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya agogo ena a Chizulu ku Alexandra komweko. Ndinkalemba makalata kwathu otamanda anthu a kuno ngati angelo. Kenaka inafika Meyi 2008. Zipolowe zothamangitsa alendo zinayambira m'dera lomwelo n'kufalikira madera ena, ndipo anthu 62 anaphedwa. Usiku wina anyamata anagogoda pageti kufunsa ngati muli makwerekwere, dzina lonyoza alendo ochokera m'maiko ena a mu Afrika. Agogo aja anandikankhira m'chipinda chawo, anandiveka duku lawo ndi bulangete, n'kutuluka ndi ndodo yawo yoyendera kukawauza kuti muno muli mdzukulu wawo wodwala basi. Ndili kuseri kwa katani ndinazindikira mawu a mnyamata mmodzi. Amayi ake tinkapemphera nawo limodzi Lachinayi lililonse, ndipo iyeyo anandinyamulirapo katundu wanga kuchokera pa teksi.

Masiku anayi ndinakhala m'chipindamo, ndikudya phuthu ndi amasi, ufa wophika mombwandira wothira chambiko uja, umene poyamba ndinkaukana kuti nsima yanji yosatheka kuumba mbamu. Apo m'pamene ndinadziwa kuti agogo aja ndi mnyamata uja ndi mudzi umodzi, mpingo umodzi, ndipo ngati ndikunena kuti ndimawakonda ndiye kuti ndatenga onse. Sabata zingapo pambuyo pake ine ndi mayi wa mnyamatayo tinakhala benchi imodzi. Sitinakambepo za usiku uja mpaka lero.

Ndiye dziyeseni motere. Kodi mumatha kumva nkhani amayiwo akamalankhula okhaokha, osati akamatembenukira kwa inu m'Chingerezi? Munagonako kumaliro awo? Kuno maliro ambiri amaika Loweruka, tenti imatseka msewu, ndipo Lachisanu usiku amayi amachezera kusenda kaloti ndi mbatata mpaka zala kuchita dzanzi ndi chisanu. Pochokera kumanda aliyense amasamba m'manja m'beseni pageti asanalowe. Mukakhala kuti pa maliro otere anakupatsani mpeni ndi thumba la anyezi m'malo mwa mpando, dziwani kuti ayamba kukuwerengerani ngati wawo. Mukakhala kuti mudakali wa pampando, musafulumire kunena kuti Mulungu wayankhula.

Za ana a Sande sukulu aja simunanenepo kanthu m'kalata yanu, ndipo zandikhudza. Ambiri a iwo anabadwira kuno, kusukulu amayankhula Chizulu, Chichewa amachimva kwa makolo okha. Munthu wodziwa mbali zonse ziwiri ngati inu ndi amene akumusowa. Mwina ntchito ziwirizi si zolimbana monga mukuganizira.

Tsono za Disembala. Pitani kwanu. Mawu oti "watchona" amawawa m'makutu a makolo athu chifukwa anaona amuna akupita ndi Wenela ku migodi, ena osabwerako, ndipo ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu 1974 inapha anthu athu 74 ali paulendo wobwerera kwawo. Mayi anu akangomva pa foni kuti simubwera, sadzamva za kuitana kwa Mulungu, adzamva kuti Joni wameza mwana winanso. Kakhaleni nawo pamphasa. Kaonekereni kwa abusa ndi akulu a mpingo, muwauze zonse zimene mwandiuzazi, muwapemphe akutumeninso, ulendo uno podziwa kumene mtima wanu uli. Akhoza kukana, n'zoona. Komabe kuzemba ayi.

Palinso nkhani ya mapepala, imene achinyamata mumaiona ngati yosakhala yauzimu. Chilolezo chanu chokhalira m'dziko muno chikatha inu n'kupitirira masiku 30, potuluka pa Beitbridge amakudindani kuti musalowenso dziko lino kwa zaka 5. Zaka zisanu osawaona amayi anu a manyano aja, chifukwa chowakonda kwambiri!

Agogo anandibisa aja anamwalira kalekale, ndipo anyezi wa pamaliro awo ndinasenda nawo ndine. Duku lija ana awo anandipatsa, lili m'sutikesi. Mukamakwera basi pa Park Station mundidziwitse, ndili ndi kaphukusi ka mchemwali wanga wa ku Linthipe, ndipo mukadzabweranso musadzaiwale ufa woyera.