Malonda pakati pa Nigeria ndi Angola

Achimwene, pa funso lanu la malonda pakati pa Nigeria ndi Angola: malondawa ndi ochepa, chifukwa mayiko onsewa amagulitsa chinthu chimodzi, mafuta osayenga, ndipo ogula ali kutali: Angola imatumiza ambiri ku China, pomwe Nigeria imagulitsa kwambiri ku Ulaya. Chuma cha Nigeria n'chachikulupo ndipo chili ndi magwero ambiri, poti anthu oposa 200 miliyoni ndi msika waukulu. Angola, yomwe idatuluka m'bungwe la mayiko ogulitsa mafuta la OPEC kumayambiriro kwa 2024, imadalirabe mafuta kuti ipeze ndalama zakunja. Pa ntchito yanga yoitanitsa katundu ndidaona naira (ndalama ya Nigeria) ndi kwanza (ndalama ya Angola) zikutsika mphamvu mofulumira mu 2023, mitengo yomwe tidagwirizana n'kusokonekera. Musanatumize ndalama, funsani kaye katswiri wa kubanki ndi wodziwa za misonkho ya pachipata.