Kodi mankhwala a khunyu angateteze munthu matendawo asanayambe?

Mayi wina wanditumizira imelo. Achimwene ake anavulala m'mutu pangozi ya njinga yamoto, kuchipatala anawapatsa mankhwala a khunyu otchedwa phenytoin kwa sabata imodzi, kenako n'kuwasiyitsa. Mayiwa akufunsa kuti bwanji osapitiriza kuti khunyu lisadzabwere, poti anawerenga kuti pa makoswe mankhwalawa amateteza.

Mayi, pepani ndi ngoziyo. Zimene munawerengazo si zabodza, koma pali nkhani ziwiri zimene anthu amaziphatikiza. Kuletsa munthu kugwa pamene mankhwala ali m'magazi ndi nkhani ina. Kuletsa ubongo wovulala kuti usasanduke wa khunyu ndi inanso, ndipo iyi ndiyo yavuta.

Gwero lake ndi mmene mankhwalawa anapezekera. Houston Merritt ndi Tracy Putnam, ku Boston, ankagunditsa amphaka magetsi kumutu n'kuona mankhwala amene akuletsa kuphupha, ndipo phenytoin anayamba kuperekedwa kwa odwala mu 1938. Koma amphakawo analibe khunyu. Anali abwinobwino, ongokomoledwa ndi magetsi. Sefa yotere imakola mankhwala oletsa kugwa basi, ndipo ambiri amene anabwera pambuyo anasefedwa chimodzimodzi pa mbewa ndi makoswe.

Mu 1967 Graham Goddard, ku Canada, anaonetsa zina. Ankalowetsa kawaya mkati mwa ubongo wa khoswe, pamalo otchedwa amygdala, n'kumapatsira timagetsi tochepa kamodzi patsiku. Poyamba khoswe sachita kanthu. Pakapita masiku amayamba kutafuna pakamwa, kugwedeza mutu, kenako mwendo wakutsogolo, mpaka tsiku lina kuimirira ndi yakumbuyo n'kugwa chagada, magetsi ali omwewo. Zili ngati kanjira kodutsa m'munda: woyamba sasiya chizindikiro, koma anthu akapitirira pamamera njira yosafafanizika. Njira yofufuzirayi amaitcha kindling, ndipo mu 1972 Ronald Racine anagawa zizindikirozo m'magawo 5 amene akugwiritsidwabe ntchito.

Ubwino wake ngwakuti ukhoza kupereka mankhwala matenda akadali m'njira. Ndiye zinaoneka bwanji? Valproate ndi phenobarbital anachedwetsa makoswe kufika gawo lomaliza. Carbamazepine, amene amathandiza odwala ambirimbiri, sanachedwetse. Phenytoin nayenso sanaonetse mphamvu yodalirika pamenepa. Levetiracetam ndiye wodabwitsa: anakanika pamayeso akale aja a magetsi, koma mu 1998 gulu la Wolfgang Löscher ku Hannover linaona kuti amachedwetsa kindling, ndipo zina mwa zotsatira zake zinkaonekabe atasiya kumupereka.

Ine ndimachenjera nazo nkhani za kindling. Ngati mankhwala akufooketsa kugwa kwa tsiku lililonse, ubongo sukulandira nkhonya yonse, choncho kuchedwako sikudabwitsa. Komanso khoswe ameneyu nthawi zambiri amagwa pokhapokha akamuyatsira magetsi, pamene munthu wa khunyu amangogwa yekha. Mayeso oyandikira kwa achimwene anu ndi amene khoswe amabayidwa mankhwala okomola otchedwa pilocarpine kapena kainic acid, n'kukomoka nthawi yaitali, kenako n'kukhala ngati wachira kwa masiku kapena masabata asanayambe kugwa yekha. Mankhwala akale akaperekedwa m'nyengo yabata imeneyi, ena monga valproate anachepetsa kufa kwa maselo a ubongo, koma khunyu linkabwerabe.

Pa anthu zinatero ndithu. Mu 1990 Nancy Temkin ndi anzake ku Seattle anafalitsa kafukufuku wa anthu 404 ovulala kwambiri m'mutu. Phenytoin anachepetsa kugwa m'sabata yoyamba. Kupitirira pamenepo panalibe phindu, ngakhale anthuwo ankamwabe mpaka chaka. Atayesa valproate, mu 1999, nayenso sanateteze. Sabata imodzi imene anakuuzani ija inachokera kumeneku.

Kwathu kuno funsoli limakhudzanso malungo a muubongo. Kafukufuku wa ku Blantyre wa mu 2010 anapeza kuti mwa ana 132 opulumuka, 12 anadzadwala khunyu. Koma kupereka mankhwala mongoteteza kuli ndi zoopsa zake. Ku Kilifi, ku Kenya, phenobarbital woperekedwa kwa ana a malungo otere anachepetsadi kukomoka, komabe imfa zinawirikiza kawiri, malinga ndi zotsatira za mu 2000.

Chiyembekezo chilipo pang'ono. Mu 2008, ku Yale, makoswe obadwa ndi mtundu wina wa khunyu atapatsidwa ethosuximide akadali ana, matendawo anachepa kwa miyezi ngakhale atasiya mankhwala. Kungoti limenelo ndi khunyu lakumtundu, losiyana ndi la bala la m'mutu.

Choncho musawagulire achimwene mankhwala panokha. Muziwayang'anira: akagwa, akamangoti duu osayankha kwa kanthawi, kapena mkono ukamanjenjemera wokha, ngakhale patapita chaka, bwererani nawo kuchipatala ndi buku lawo, muwauze adokotala za ngozi ija.